Thupi Likudwala, Pakamwa Pali Chete: Mafunso ndi Mayankho pa Nkhanza za M'banja kwa Mpama

Kwa Mfumu Yaikulu Mpama m'boma la Chiradzulu, aliyense amazindikira nkhanza za m'banja akaona diso lotupa kapena dzino loguluka. Koma alipo amayi ambiri amene alibe bala ngakhale limodzi, chonsecho sachoka pamzere wa kuchipatala: lero mutu, mawa m'mimba, mkucha mtima kuthamanga. Mukawafunsa ngati amachitiridwa nkhanza amakana, ndipo sakunama. Palibe anawauzapo kuti zimene amapirira kunyumba ndi nkhanza, kapena kuti zingakhale ndizo zikuwadwalitsa. Mafunso otsatirawa ndi amene amayi amafunsana motsitsa mawu kusikelo, pamjigo ndi pobwera ku banki m'khonde.

Amuna anga sanandimenyepo chikwatirane. Ndiye nkhanza zabwera pati?

Kumenya ndi mbali imodzi chabe. Lamulo loletsa nkhanza za m'banja, lomwe Nyumba ya Malamulo inavomereza mu 2006, limatchula nkhanza za pathupi, zokhudza kugonana, za m'maganizo ndi za pachuma. Kutukwanidwa pamaso pa ana tsiku ndi tsiku, kuuzidwa kuti ndinu chitsiru chopanda ntchito, kuletsedwa kupita kwa abale anu kapena kutchalitchi, kufufuzidwa foni usiku uliwonse, kulandidwa ndalama za tomato amene munathirira nokha kudimba, kusiyidwa opanda ya ndiwo dala ngati chilango, kuopsezedwa kuti mukalankhula muona: zonsezi ndi nkhanza. Si mkangano uliwonse umene uli nkhanza ayi. Anthu awiri okhala nyumba imodzi amayambana, amakwiyirana, kenako amakambirana. Chosiyanitsa ndi mantha. Ngati mukamva mapazi a amuna anu pakhomo mtima umayamba kugunda, ana n'kuthawira kuseri, inu n'kuyamba kusankha mawu oti musawapute, ndiye kuti m'nyumbamo mmodzi akulamulira mnzake ndi mantha.

Kodi vutoli n'lalikuludi, kapena ndi nkhani yokometsera ya mabungwe?

N'lalikulu. Kafukufuku wa zaumoyo ndi chiwerengero cha anthu amene ofesi ya National Statistical Office ya ku Zomba inachita mu 2015 ndi 2016 anapeza kuti amayi 42 mwa 100 alionse amene anakwatiwapo anachitiridwapo nkhanza ndi amuna awo, kaya za pathupi, zogonana kapena za m'maganizo, ndipo zofala kwambiri zinali za m'maganizo. Mwa amayi amene anamenyedwapo kapena kugwiriridwa, pafupifupi theka sanapemphe thandizo kulikonse ndipo sanauzeko munthu. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2021 kuti mayi mmodzi mwa atatu alionse padziko lapansi anachitiridwapo nkhanza za pathupi kapena zogonana, makamaka ndi mwamuna wake kapena chibwenzi. Kumbukirani kuti ziwerengerozi n'za amene anavomera atafunsidwa.

Mawu okha angadwalitse bwanji thupi la munthu?

Taganizirani zimene zimachitika mukakumana ndi njoka m'munda mwa nandolo. Mtima umathamanga, mpweya umafupika, minofu imakungika, m'mimba mumapotokola. Thupi limatulutsa mahomoni okukonzekeretsani kuthawa, ndipo njoka ija ikapita, zonse zimabwerera m'malo. Mayi amene chomuopsa chimagona naye chipinda chimodzi, thupi lake silipeza mpata wobwerera m'malo. Limakhala tcheru usana ndi usiku, kwa miyezi kapena zaka, ndipo limatopa.

Kutopako kumaonekera m'njira zambiri. Mutu wosatha, nthawi zina waching'alang'ala. Msana ndi khosi zowawa popanda kugwa kapena kusenza katundu. Kupweteka kwa m'mimba komwe ambiri amangoti ndi zilonda za m'mimba. Kusowa tulo, kudzidzimuka pakati pa usiku, kusafuna kudya kapena kuonda mosadziwika bwino. Kupweteka m'chinena kosamva mankhwala. Ndipo kwa amene ali kale ndi matenda a kuthamanga kwa magazi, shuga kapena mphumu, mantha osatha amapangitsa kuti matendawo avute kuwongolera.

Tsegulani buku la kuchipatala la mayi wotere, lija amalikutira mu pulasitiki n'kulimanga pansonga ya chitenje. Tsamba lililonse lili ndi tsiku lake ndi dzanja la dokotala wina. Apa anayezedwa malungo, sanapezeke, anapatsidwa panado. Patapita masabata atatu, thupi lonse kuphwanya, panado. Mwezi wotsatira, m'mimba, mapiritsi otafuna. Buku limatha n'kugula lina, koma palibe tsamba limene linalembedwa kuti mwamuna wake sanamulankhule mwezi wathunthu, kapena kuti amagona atavala kuti athe kuthawa.

Apa ndichenjeze kuti si mutu uliwonse umene umachokera ku nkhanza. Pitani mukayezedwe malungo, magazi ndi zina zonse. Koma zoyeza zikamatuluka bwino, ululu osachoka, ndi bwino kuuza dokotala mmene zinthu zilili kunyumba.

Anthu amati ndimangoganiza kwambiri. Kodi amenewo ndi matenda?

Angathe kukhala matenda ndithu, ndipo amachizika. Pamene mayi wakhala masabata angapo wosasangalala ndi kanthu kalikonse, akulira payekha, ntchito zimene ankazikonda zamugwa m'manja, akuiwalaiwala, akudziona wosafunika, achipatala amati ali ndi matenda a kukhumudwa. Lipoti la WHO la mu 2013 linapeza kuti amayi ochitiridwa nkhanza ndi amuna awo amadwala matendawa pafupifupi kawiri kuposa anzawo. Ena amafika poganiza zodzipha. Mayi akanena kuti "bola kungofa" kapena "ana angawa mudzawasamale", musamuseke, musamudzudzule kuti alibe chikhulupiriro, ndipo musamusiye yekha. Chotsani mankhwala a mbewu ndi a makoswe pafupi naye, mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Kudwala maganizo si misala ndipo si kulodzedwa. Pemphero limatonthoza, koma siliyenera kutseka njira ya kuchipatala.

Kodi mwamuna angagwiririre mkazi wake wa m'nyumba? Pajatu tinalangizidwa kuti mwamuna sakanizidwa.

Malangizo amenewo avulaza amayi ambiri. Kukwatiwa sikuchotsa ufulu wa mayi pa thupi lake. Akakakamizidwa ali wodwala, atangochira kumene, ali ndi mantha, kapena atangomenyedwa, thupi limavulala mofanana ndi mmene likanavulalira akanagwiriridwa ndi mlendo: kung'ambika, kutaya magazi, matenda opatsirana pogonana, mimba yosayembekezera, ndiponso kunyansidwa ndi thupi lake lomwe. Lamulo la mu 2006 lija limawerengera nkhanza zogonana za m'banja, kotero mayi angathe kupempha chitetezo kukhoti. Lamulo la maukwati la mu 2015 linati mwamuna wokakamiza mkazi wake pamene khoti linawapatukitsa wapalamula mlandu wogwirira. Ine ndimaona kuti pamenepa lamulo linaperewera, chifukwa amayi ochuluka amene amakakamizidwa ndi amene akukhalabe ndi amuna awo.

Palinso nkhanza ina yobisika kwambiri, ya kulera. Mwamuna amene amang'amba khadi la kulera, amaletsa jakisoni, kapena amapapasa mkono wa mkazi wake kufufuza ngati anaikitsa kolerera, akumukakamiza kubereka mowirikiza. Mimba zotsatizana popanda kupuma zimatha magazi m'thupi ndipo zimaika moyo wa mayi pachiswe.

Nanga nkhanza zikugwirizana bwanji ndi HIV?

Ku Chiradzulu funso ili n'lolemera. Boma lino linali limodzi mwa oyamba m'dziko muno kulandira ma ARV aulere, pamene bungwe la Médecins Sans Frontières linayamba kuwapereka mu 2001, ndipo kafukufuku wa bungwe lomwelo mu 2013 anapeza kuti akuluakulu pafupifupi 17 mwa 100 alionse m'bomali anali ndi kachilombo, amayi kuposa abambo. Mankhwala alipo ndipo apulumutsa anthu osawerengeka. Koma mayi amene amaopa mwamuna wake sangatchule kondomu, ngakhale akudziwa kuti bamboyo ali ndi zibwenzi. WHO inapeza kuti m'madera ena a dziko lapansi, mwayi wotenga kachilombo umakwera ndi theka kwa amayi ochitiridwa nkhanza poyerekeza ndi anzawo.

Vuto lina limabwera akapezeka nako. Kuyambira mu 2011, mayi woyembekezera aliyense wopezeka ndi kachilombo m'Malawi amayamba ma ARV nthawi yomweyo kwa moyo wake wonse. Ndondomekoyi ndi yabwino kwambiri ndipo yateteza ana ambiri. Koma popeza mayi ndiye amayezedwa koyamba kusikelo, kunyumba amamunena kuti ndiye wabweretsa matenda. Ndiye pali amayi amene amachotsa mapiritsi m'botolo kuti asachite phokoso, n'kuwakulunga m'kansalu, n'kuwabisa pansi pa ndowa ya ufa kapena kwa mchemwali wawo. Mwamuna akakhala pakhomo tsiku lonse, mankhwala samwedwa. Kuchipatala mayiyo amalembedwa kuti ndi wosasamala mankhwala, kachilombo kachuluka m'magazi, pamene chenicheni n'chakuti akuopa kuthamangitsidwa kapena kumenyedwa. Ngati zanu zili choncho, auzeni achipatala. Angathe kukuthandizani kupeza nthawi yabwino yomwera mankhwala, ndiponso angathe kuitana amuna anu kuti muyezedwere pamodzi pamaso pa mlangizi.

Kodi mayi akakhala woyembekezera nkhanza sizichepa?

M'mabanja ena zimayamba kapena kukula nthawi yomweyo. Kumenyedwa kapena kukankhidwa pamimba kungachititse kutaya magazi, kupita padera, kapena kubereka masiku asanakwane. Ngakhale popanda kumenya, mayi wosadya mokwanira, wosagona, womanidwa ya kabaza yopitira kusikelo, amafika pobereka ali wofooka. WHO inapeza kuti mwayi wobereka mwana wochepa sikelo umakwera ndi 16 pa 100 kwa amayi ochitiridwa nkhanza. Akachira, kukhumudwa kumamulepheretsa kuyamwitsa ndi kusamalira khanda bwino, ndiye anthu amamunena ulesi.

Kuno n'kwa chikamwini. Mkazi ali pamudzi pa kwawo, pakati pa abale ake. Angazunzike bwanji?

N'zoona kuti chikamwini chimamupatsa mayi mphamvu imene anzake a ku chitengwa alibe. Munda ndi wa mbumba yake, ana ndi a kwawo, atsibweni ndi alongo ali pafupi, ndipo banja likatha wonyamuka ndi mwamuna. Zimenezi si zazing'ono, ndipo zapulumutsa amayi ambiri.

Koma kukhala pakati pa abale sikutanthauza kuti abalewo akudziwa zochitika chitseko chikatsekedwa. Mkamwini amene masana amapereka moni mwaulemu, amasenza maliro, amathandiza apongozi kufolera nyumba, ndi wovuta kumuneneza. Chiradzulu ndi boma lothithikana, minda ndi ing'onoing'ono, ndipo makomo ambiri amadalira ndalama ya bambo wogwira ntchito ku Limbe, ku Blantyre kapena ku Joni. Mwamuna wotere safunika kukweza dzanja. Amangoti, "Ukapitiriza, ndinyamuka ndikakwatire kwina, tione ngati feteleza akugulire ndi atsibweni akowo." Nthawi zina achibale eniakewo ndi amene amamuuza mwana wawo kuti apirire, poopa kutaya mkamwini wogula thumba la chimanga m'mwezi wa njala, kapena poopa kuti anthu anena kuti ana a pakhomo apa mabanja amawakanika.

Makolo ankati kumenya ndi mankhwala a banja, ndipo ena amati ndi mowa chabe. Palibe choona pamenepo?

Palibe banja limene linachira ndi chibakera. Ndipo maganizo amenewa si a Amalawi ambiri monga ena amanenera: pa kafukufuku wa mu 2015 ndi 2016 uja, amayi 16 okha ndi abambo 13 okha mwa 100 alionse ndiwo anavomereza kuti pali chifukwa chimene mwamuna angamenyere mkazi wake. Za mowa, n'zoona kuti nkhanza zimachuluka ndiponso kukula m'makomo mmene bambo amaledzera kawirikawiri. Koma mwamuna yemweyo akaledzera samenya bwana wake kapena amfumu. Amasankha womumenya. Kachasu amawonjezera ngozi, koma sachotsa mlandu.

Ngati nkhanza zimadwalitsa chonchi, bwanji achipatala sazindikira?

Mzere umakhala wautali, dokotala ndi mmodzi, ndipo wodwala aliyense amapatsidwa mphindi zochepa. Chipinda chimakhala ndi anthu ena, mwina ndi aneba, mwinanso mwamuna yemweyo waima pakhomo. Mayi nayenso anaphunzitsidwa kuyambira ku chinamwali kuti za m'nyumba saulula, ndiye bala la pachipumi limasanduka la chitseko, kuthyoka kwa mkono n'kukhala kugwa pokatunga madzi.

Komabe sindikhulupirira kuti kuchepa kwa nthawi ndi chifukwa chokwanira. WHO silimbikitsa kufunsa wodwala aliyense, koma imati wachipatala afunse akaona zizindikiro: mabala osagwirizana ndi nkhani imene akuuzidwa, kubwerabwera ndi madandaulo osapezeka chifukwa, matenda opatsirana pogonana obwerezabwereza, kupita padera kangapo, kukhumudwa, kapena mwamuna amene amayankha mafunso onse m'malo mwa mkazi wake. Funso lakuti "Mayi, kunyumba kuli mtendere? Alipo amene mumamuopa?" silitenga mphindi imodzi, bola lifunsidwe mayiyo ali yekha. Alangizi a zaumoyo a m'midzi, amene amadziwa khomo lililonse, ali ndi mwayi waukulu kuposa dokotala wa ku boma. Mayi angakane ulendo woyamba, koma amasunga mumtima kuti pali munthu amene angamumvere.

Ndi zizindikiro ziti zosonyeza kuti moyo uli pangozi tsopano lino?

Ngati anakukanyangani pakhosi ngakhale kamodzi, musachedwe. Kukanyanga kungawononge mitsempha ya m'khosi ndi ubongo popanda kusiya chipsera, ndipo kafukufuku wa ku America anapeza kuti amayi amene anakanyangidwapo ndi amuna awo amakhala pangozi yophedwa kuposa anzawo kasanu ndi kawiri. Mawu kusasa, kuvutika kumeza, chizungulire kapena kukomoka pambuyo pake n'zofunika chipatala msanga. Chimodzimodzi kumenyedwa m'mutu kotsatiridwa ndi kusanza, kugona kwambiri kapena kuona zinthu ziwiriziwiri. Zizindikiro zina zoopsa ndi izi: wakuopsezani ndi chikwanje, mpeni kapena nkhwangwa, wanena kuti akuphani kapena adzipha, nsanje yake yafika pokulondalonda, kumenya kukuwirikiza, wakumenyani muli oyembekezera. WHO inapeza kuti mwa amayi 100 ophedwa padziko lonse, mpaka 38 amaphedwa ndi amuna awo kapena zibwenzi. Nthawi yoopsa kwambiri ndi pamene mayi wanena kuti banja latha, choncho musalengeze zimenezi muli awiriwiri m'nyumba.

Ndikakanena kupolisi adzamangidwa. Nanga ana adya chiyani?

Mantha amenewa ndi enieni ndipo palibe ayenera kukunyozani nawo. Koma kufuna thandizo sikutanthauza kumangitsa munthu nthawi zonse. Nthambi ya apolisi yothandiza ozunzidwa, imene ambiri amaitchula kuti Victim Support Unit, imamvetsera, imapereka uphungu ndipo imaitana mwamuna kudzamuchenjeza, ngakhale kuti pamene pali kuvulaza kwakukulu kapena kugwirira, mlandu uyenera kupita kukhoti. Lamulo la mu 2006 limapatsa majisitireti mphamvu yopereka chiletso choti mwamuna asiye nkhanza ndi kuopseza, ngakhalenso kulamula kuti achoke panyumba mayi ndi ana atsale. Khoti lingathenso kulamula bambo kupereka chithandizo cha ana.

Kumbali ya thanzi, musadikire kalata ya kupolisi kuti mupite kuchipatala. Ngati mwakakamizidwa kugonana ndipo mukuopa kachilombo, mankhwala oteteza otchedwa PEP amagwira ntchito akayambidwa pasanathe maola 72, ndipo mapiritsi oteteza mimba yangozi amafunika pasanathe masiku 5, koma kufulumira ndiko kwabwino. Pachipatala cha boma cha Chiradzulu thandizoli n'laulere. Pachipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre pali malo a Chikwanekwane, kumene achipatala, apolisi ndi a zachisamaliro cha anthu amapezeka pamalo amodzi. Pemphani kuti mabala anu alembedwe bwino m'buku, chifukwa tsiku lina lidzakhala umboni. Mungathenso kuimba mwaulere pa nambala ya 5600 ya bungwe la YONECO la ku Zomba, kapena 116 ngati nkhaniyo ikukhudza ana. Ndipo poganizira za chakudya cha ana, ganiziraninso zimene akuona ndi kumva usiku. Ana okulira m'nyumba ya mantha amakodza pogona, amalephera m'kalasi, ndipo ena akakula amabwereza zomwezo m'mabanja awo.

Ndikukayika kuti mchemwali wanga akuzunzidwa, koma sanena. Ndipo ine ndine nkhoswe. Nditani?

Mupezeni ali yekha, kudimba kapena popita kuchigayo, osati pamaso pa mwamuna wake kapena pabwalo la anthu. Yambani ndi zimene mukuona: "Achemwali, mwaonda, kumudzi kuno simukuonekanso, ndipo mutu wanuwu sukutha. Kunyumba kuli bwanji?" Akayamba kulankhula, musamudule ndi funso lakuti iyeyo analakwa chiyani. Muuzeni kuti mwamukhulupirira ndipo kuti si iye wolakwa. Musamukakamize kuthetsa banja lero, chifukwa iye ndiye akudziwa kukula kwa ngozi yake, ndipo musapite kukakalipira mwamunayo iye asanavomere, popeza mukachoka wotsala naye ndi iyeyo. Gwirizanani nyumba yothawirako usiku ndi mawu achinsinsi oti mwana akabwera nawo mudziwe kuti zavuta. Musungireni buku la kuchipatala, chitupa cha unzika, mankhwala a masiku angapo ndi kandalama ka kabaza. Mukamuperekeza kuchipatala, mulimbikitseni kuti anene zonse.

Kwa inu ankhoswe, atsibweni, anankungwi ndi akulu a mpingo a kwa Mpama: ntchito yanu yoyanjanitsa mabanja ndi yaulemu, koma ili ndi malire. Nkhani ya ndiwo, ya ulemu kwa apongozi kapena ya kagwiritsidwe ntchito ka ndalama mungathe kuikamba pamphasa. Nkhani ya kukanyanga pakhosi, chikwanje, kukakamiza kugonana, kumenya mayi woyembekezera kapena kumuletsa kumwa mankhwala si yoti mupepesetse ndi nkhuku. Mayi wotere musamubwezere m'nyumba usiku womwewo. Mugonekeni kwanu, ndipo kukacha mupite naye kuchipatala.